Adzatiyezera Madzi Ndani?

Sabata lina masana, titatha nkhomaliro ya pamodzi kutchalitchi, achinyamata a mpingo wathu tidakwera phiri la Zomba kukaona chilengedwe monga timachitira nthawi ya tchuthi. M'njira anyamata ogulitsa masitiroberi ndi miyala yonyezimira adatithamangira, koma poti linali Sabata tidangowapatsa moni n'kupitirira. Titafika pa damu la Mulunguzi tidakhala pansi kuti tipume. Madzi anali phee, mitengo ya paini ikuoneka m'menemo ngati pagalasi.

Apo ndi pomwe kamtsikana kena ka Pathfinder, ka zaka 11 kapena 12, kadafunsa mkulu wotitsogolera kuti, "Ankolo, madzi awa ndi omwe aja timamwa kunyumba?" Iwo adati inde. "Nanga amadziwa bwanji kuti ndi abwino?" Adayankha kuti a Water Board amathiramo mankhwala. Mwana sadakhutire. "Amathira ochuluka bwanji? Akachulutsa kapena akachepetsa amawauza ndani?" Tonse tidaseka, koma kunali kuseka kwa anthu osowa yankho. Pagulupo tinalipo ophunzira a kukoleji asanu, ndipo atatu mwa ife tidakhoza bwino kemisitiri pa mayeso a MSCE.

Yankho la funso lake ndi munthu. Kuseri kwa mpopi uliwonse wa m'tauni kuli munthu wovala gawuni loyera amene amatunga madzi m'kabotolo n'kuyeza kuti ndi akuda motani, ali ndi asidi wochuluka bwanji, ndiponso atsala ndi klorini wotani. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti madzi pofika kwa wakumwa akhale atatsala ndi klorini wosachepera mamiligalamu 0.2 pa lita imodzi. Akachepa, tizilombo timapulumuka m'mipope. Akachuluka, madzi amanunkha, anthu n'kuwathawa kubwerera kuchitsime. Munthu woyezayo dzina lake silimveka pa wailesi, koma akangogona pantchito chipatala chimadzaza.

Maganizo anga ndi akuti dziko lathu likusowa anthu otere, oyeza zinthu n'kunena zoona za zomwe apeza, kuposa momwe timaganizira. Ndipo munthu wotere amaumbidwa adakali pasukulu, pa kafukufuku wa chaka chomaliza uja ambirife timangomutenga ngati mwambo wotsanzikirana ndi koleji.

Tauni ya anthu oyeza

Funso la mwanayu lidafunsidwa pamalo oyenera. Zomba idasiya kukhala likulu la dziko mu 1975, nduna ndi alembi awo n'kusamukira ku Lilongwe, koma anthu ofufuza adatsala. M'tauni yomweyi muli likulu la Geological Survey, nthambi ya boma yofufuza miyala ndi zina za pansi pa nthaka. Muli Forestry Research Institute of Malawi yofufuza za nkhalango, National Herbarium and Botanic Gardens yosunga mbiri ya zomera zathu, National Statistical Office yowerengera anthu ndi chuma, komanso likulu la Southern Region Water Board. Chakufupi ndi Thondwe kuli malo ofufuzira zaulimi a Makoka. Ndipo ku Chirunga kuli Chancellor College, yomwe idasamukira kumeneko kuchoka ku Blantyre mu 1973, ndipo lero ndiyo yatsala ndi dzina loti University of Malawi. Ntchito ya onsewa ndi imodzi: kuyeza, kuwerenga ndi kulemba zimene apeza kuti ena apange ziganizo zoyenera.

Phirilo nalo limaphunzitsa lokha. Mtsinje wa Mulunguzi umayamba pamwamba uli woyera, n'kutsika kukathira mu Likangala. Likangala amadutsa m'tauni, pafupi ndi nyumba za anthu, zimbudzi ndi ngalande zonyamula zonyansa, kenaka m'minda ya mpunga yothiridwa feteleza, mpaka kukathira m'nyanja ya Chilwa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Dzuwa likawomba madzi amauluka, koma mchere ndi zina zonse zomwe adabwera nazo zimatsala momwemo. Idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo idaphweranso kwambiri mu 2012 ndi mu 2018. Matemba ambiri amene timadyera nsima amachokera mmenemo. Kuchoka pa damu la Mulunguzi kukafika pa doko la Kachulu ndi ulendo wosakwana tsiku limodzi, koma wophunzira kemisitiri angapeze m'njiramo mafunso omukwanira moyo wake wonse.

Pulojekiti yopeka

Tiyeni tinene zoona, anzanga. Ambirife pulojekiti ya chaka chomaliza timaiona ngati chipsinjo. Timasankha mutu wophweka, kapena timabwereka lipoti la mkulu wathu wa chaka chatha n'kungosintha dzina la boma: iye adayeza madzi a ku Thyolo, ife tilemba a ku Ntcheu. Nthawi ikatitsamwitsa, manambala amapekedwa usiku umodzi, mwina mothandizidwa ndi kompyuta. Ndidamvapo mnzanga wina wa pa sukulu ina akudzitama kuti adayeza zitsime zitatu zokha koma mu lipoti adalemba 15. Adati, "Bwana, chofunika ndi gawuni." Ndidaseka naye limodzi, ndipo lero ndimachita manyazi ndi kuseka kwanga kuja.

Vuto lake n'lakuti khalidweli silitsala pa geti ya koleji. Mmera mpoyamba. Amene adapeka manambala a zitsime 12 kuti apeze digiri sadzavutika kupeka manambala a thanki ya madzi Lachisanu madzulo atatopa, kapena kusayinira katundu amene sadamuyeze chifukwa bwana wati lole ikudikira.

Zotsatira za mankhwala olowa pamsika osayezedwa tidaziona ku Gambia mu 2022. Ana pafupifupi 70 adamwalira impso zawo zitasiya kugwira ntchito, ndipo imfazo zidalumikizidwa ndi mankhwala a chifuwa ochokera kunja omwe adapezeka ndi poizoni wotchedwa diethylene glycol. Dzikolo lidalibe labotale yake yoyezera mankhwalawo, moti adachita kuwatumiza kunja ana akupitirira kudwala. Amayi aja adagula mankhwala a m'botolo lokongola, olembedwa bwino, n'kumwetsa ana awo ndi manja awo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Diso la munthu silingaone poizoni m'botolo. Amene angamuone ndi woyeza yekha.

Kuno kwathu tidakumana ndi kolera yomwe idayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse. Tidayamika madotolo ndi anamwino, ndipo adayeneradi kuyamikidwa. Koma nkhondo ya kolera imamenyedwanso pa mjigo, pa chitsime ndi mu ndowa, pomwe wina ayenera kuyeza ngati klorini wothiridwayo wakwana.

Zimene pulojekiti imaphunzitsa sizipezeka pa mayeso olemba. Imakuphunzitsa kutsuka botolo katatu ndi madzi omwe ukufuna kuyezawo usanatunge. Imakuphunzitsa kulemba pa botolo tsiku, nthawi ndi malo nthawi yomweyo, osati ukafika kuhositelo. Umaphunzira kuyamba wayeza chinthu chimene yankho lake ukulidziwa kale, kuti uone ngati makina akunena zoona. Umaphunzira kuyeza katatu, ndipo nambala yachitatu ikasiyana ndi zinzake suyifufuta, umafunsa chifukwa chake. Umaphunziranso kulemba kuti "sindidapeze kanthu" pamene sudapeze kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Luso limeneli ndi lomwe olemba ntchito amafuna, ndipo palibe amene angalikopere kwa mnzake.

Mafunso ali pakhomo pomwe

Ena amaganiza kuti kafukufuku weniweni ndi wa ku London kapena ku Johannesburg, ndipo wathu kuno ndi masanje chabe. Akatswiri amene adatitsogolera ku Chirunga adaganiza mosiyana. Mu 1994 a John Saka ndi a Jerome Msonthi adasindikiza zotsatira za kafukufuku wa michere yopezeka mu zipatso zam'tchire monga masuku ndi malambe, zipatso zomwe ana amatola popita kusukulu. A Saka adadzakhala mkulu wa University of Malawi, kenaka wa Mzuzu University. A Samson Sajidu ndi anzawo adafufuza momwe njere za cham'mwamba zingachotsere mtovu ndi zitsulo zina zoopsa m'madzi, ndiponso adayeza fuloraidi m'mijigo ya m'midzi ya chigawo chakummwera. Nawonso adadzasankhidwa kukhala mkulu wa University of Malawi. Masuku ndi cham'mwamba sizidawachepetse.

Taganizirani za fuloraidi yemweyo. Akakhala wochepa m'madzi amalimbitsa mano. Akapyola mamiligalamu 1.5 pa lita, omwe ndi malire a WHO, mano a ana amachita mawanga ofiirira, ndipo akachulukitsa kwa zaka zambiri mafupa nawo amaonongeka. M'madera ena a ku Machinga ndi ku Nathenje vutoli lilipo. Madziwo amaoneka oyera, sanunkha, ndipo kuwiritsa sikuchotsa fuloraidi. Mudzi wina mjigo wake ndi wabwino, mudzi woyandikana nawo ayi. Kuti tidziwe, wina ayenera kuyenda mjigo ndi mjigo. Wophunzira wochokera kumeneko, wodziwa njira ndi mafumu, angaigwire ntchitoyi bwino kuposa mlendo wobwera ndi galimoto kwa masiku awiri.

Nanga mtedza? Chuku chimene chimamera pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amayambitsa khansa ya chiwindi. Poizoniyu adadziwika pambuyo pa 1960, nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England chifukwa cha chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Lero mayiko a European Union salola mtedza wodya anthu wopyola mamayikulogalamu 4 a aflatoxin pa kilogalamu, ndipo malire okhwima ngati amenewa akhala akutsekereza mtedza wathu ku misika yabwino. Wokanidwa kunjawo sutayidwa ayi. Umathera mu nsinjiro, m'chiponde ndi m'phala la ana athu. Kumudzi ena amawaza madzi pa mtedza kuti usavute kusenda, osadziwa kuti akuitana chuku. Wophunzira atafananitsa mtedza wowazidwa madzi ndi wosawazidwa, kapena woumikidwa pansi ndi woumikidwa pathandala, n'kukafotokoza zotsatira zake kwa amayi a Dorika kwawo, angakhale atachita zazikulu kuposa lipoti lokongola lotsekeredwa mu laibulale.

Mafunso ena ndi aang'ono kwambiri moti timawapondereza tsiku ndi tsiku. Mchere wogulitsidwa pa mulu mu msika wa Zomba, woyanikidwa padzuwa tsiku lonse, umakhala utatsala ndi ayodini wochuluka bwanji poyerekeza ndi wa m'paketi? Chinangwa chowawa chiyenera kuviikidwa masiku angati kuti poizoni wake wa cyanide achoke? Funsoli si lamasewera: mu 1981, nthawi ya chilala, anthu oposa 1,000 m'chigawo cha Nampula ku Mozambique adalumala miyendo chifukwa chodya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira. Mafuta amene amakazingira tchipisi pa chiwaya kwa masiku angapo amasintha motani? Madzi a Likangala asanalowe m'tauni ndi atatuluka amasiyana bwanji, m'dzinja ndi m'chilimwe? Lililonse mwa mafunsowa likukwanira kukhala pulojekiti, ndipo yankho lake lili ndi mwini wake amene akulidikira.

Nanga zipangizo?

Ndikudziwa chimene mukufuna kunena. Makina akuluakulu ndi ochepa m'dziko muno, ndipo akaonongeka wowakonza amachokera kunja. Mankhwala oyezera amafuna ndalama zakunja zomwe zikusowa. Magetsi amazima ntchito ili pakati. Mphunzitsi mmodzi amayang'anira ophunzira ambiri. Ndalama ya thiransipoti yokatunga madzi kumudzi imachoka m'thumba la wophunzira, thumba lomwe lidabooka kale ndi fizi. Zonsezi ndi zoona, ndipo amene amazikana sadalowepo mu labotale ya kuno.

Koma mavutowa akutiuza kuti tisankhe funso lolingana ndi zida zathu; sakutipatsa chilolezo chopeka. Kuyeza ayodini mu mchere kumafuna timabotolo tagalasi, kampope koyezera kotchedwa burette, sitalichi ndi mankhwala ochepa otsika mtengo. Kuyeza cyanide mu chinangwa kumatheka ndi timapepala tosintha mtundu. Klorini amayezedwa ndi timapilisi tosandutsa madzi kukhala apinki. Pulojekiti ya zitsime zisanu zoyezedwa moona, katatu chilichonse, iposa ya zitsime 50 zongopeka, chifukwa yoyambayo wina angamangepo, pomwe yachiwiriyo imasocheretsa aliyense woikhulupirira. Ndipo wophunzira wa chaka chino akayeza zisanu, wa chaka chamawa zisanu zina, pakatha zaka khumi koleji idzakhala ndi mbiri ya madzi a dera lonse. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mu 1856 mnyamata wa zaka 18 wa ku London, William Perkin, ankayesa kupanga kwinini, mankhwala a malungo, m'kachipinda ka kunyumba kwawo nthawi ya tchuthi cha Pasaka. Adalephera. M'botolo mwake mudatsala zinthu zakuda zooneka ngati phala lopserera. Potsuka adaona kuti zikutulutsa mtundu wofiirira wokongola, ndipo m'malo motaya adafufuza. Umenewo udakhala utoto wa nsalu wotchedwa mauveine, womwe udatsegula njira ya mafakitale opanga utoto ndipo pambuyo pake mankhwala. Perkin akadalemba kuti wapeza kwinini pofuna kusangalatsa mphunzitsi wake, bwenzi lero tisakumudziwa.

Ntchito zili kuti?

Funso lina ndi la makolo athu: ukamaliza udzagwira kuti? M'mabanja ambiri mwana wokhoza sayansi amayembekezeka kukhala dotolo, ndipo amene watengedwa ku kemisitiri amamupepesa ngati wagwa. Sindinama kuti ntchito zili mbwee. Malo m'boma amatuluka mwa apo ndi apo, malipiro oyambira ndi ochepa, ndipo ambiri omaliza sayansi amathera m'kalasi akuphunzitsa, yomwe ndi ntchito yolemekezeka payokha. Komabe makomo alipo ambiri kuposa amene timawadziwa.

M'boma ndi m'mabungwe ake muli Malawi Bureau of Standards, yomwe idakhazikitsidwa mu 1972 ndipo imayeza zakudya, zomangira ndi katundu wina wolowa pamsika. Muli Pharmacy and Medicines Regulatory Authority yoona za mankhwala, Malawi Environment Protection Authority yoona za chilengedwe, ma Water Board a m'zigawo ndi m'mizinda, komanso malo ofufuzira zaulimi a Chitedze, Bvumbwe ndi Makoka komwe amafufuza za nthaka ndi mbewu. M'mafakitale namonso woyeza ndi wofunika tsiku lililonse. Ku Nchalo ndi ku Dwangwa amayeza kuchuluka kwa shuga mu nzimbe, ndipo malipiro a mlimi amadalira nambala imeneyo. Ku Dwangwa komweko akhala akupanga ethanol wosakaniza ndi petulo kuyambira mu 1982. Mafakitale a simenti, a mafuta ophikira, a sopo, a penti, a mkaka ndi a tiyi onse ali ndi kachipinda komwe wina amavomereza kapena kukana katundu asanatuluke pa geti.

Khomo lalikulu lomwe likutseguka ndi la migodi. M'zaka za m'ma 1930 akatswiri a Geological Survey, motsogozedwa ndi Frank Dixey, adalemba za miyala yachilendo ya pa chilumba cha m'nyanja ya Chilwa ndi mapiri ozungulira. Miyala ya mtundu womwewo ndi imene lero ikukopa makampani ku Songwe m'boma la Phalombe ndi ku Kangankunde m'boma la Balaka, chifukwa muli zitsulo za rare earth zopangira maginito a galimoto zoyendera magetsi. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe kwapezeka rutile wochuluka, ndipo ku Kayelekera ku Karonga mgodi wa uranium udayamba mu 2009. Nthawi zambiri miyala yofuna kuyezedwa imatumizidwa ku South Africa kapena ku Australia. Wogulitsa mbuzi amene sadziwa kuwerenga sikelo amalandira mtengo umene wogula wanena. Ngati tilibe ana athu odziwa kuyeza zomwe zili mu thumba la miyala lotuluka pa Mwanza kapena pa Dedza, msonkho wathu tidzauwerengera pa nambala ya wogula. Ndipo madzi otuluka mu mgodi kupita kumtsinje womwe anthu amamwa, adzatiyezera ndani?

Pa mayeso olowera ntchito m'malo onsewa, funso limene silisowa ndi lakuti: tatiuzani za pulojekiti yanu. Amene adaigwira ndi manja ake amafotokoza mpaka pomwe adalakwitsa ndi momwe adakonzera. Amene adabwereka amayamba kuyang'ana kudenga pa funso lachiwiri.

Mkhristu ndi sikelo

Ife a Adventist nkhaniyi ikutikhudza mwapadera. Kuyambira pomwe Malamulo idayamba mu 1902, mpingo wathu m'dziko muno wadziwika ndi sukulu ndi zipatala. Timalalikira za madzi abwino, chakudya chabwino ndi thupi monga kachisi wa Mulungu. Koma uthenga wa zaumoyo umafuna wina wodziwa zomwe zili m'madzimo ndi m'chakudyacho. Tingalimbikitse anthu kusiya nyama n'kumadya mtedza, koma ngati mtedzawo uli ndi chuku tawachotsa pa moto n'kuwaika pa makala.

Baibulo limadzudzula sikelo zachinyengo mobwerezabwereza, mu Levitiko, mu Deuteronomo, mu Miyambo ndi mwa mneneri Amosi. Timakonda kuganiza kuti mawuwa akunena mavenda ogula chimanga ndi sikelo yobera. Akunenanso ife. Nambala yopeka mu lipoti ndi sikelo yachinyengo, ngakhale yalembedwa pa kompyuta ndi Chingerezi chabwino. Danieli ku Babulo atakana chakudya cha mfumu adapempha kuti iye ndi anzake ayesedwe masiku khumi, kenaka awafananitse ndi anyamata enawo. Sadaope kuti zotsatira zionedwe ndi maso. Munthu wokhulupirira kuti Mulungu ndiye adalenga madzi ndi miyala alibe chifukwa choopera chimene sikelo inene.

Mayesero enieni adzabwera kuntchito, ndipo ndi bwino kuwaganizira tidakali pano. Mafakitale ambiri amagwira usana ndi usiku, Sabata lomwe. Mbewa ya manyazi idafera kuuna: nenani za Sabata tsiku la mayeso olowera ntchito, osati Lachisanu loyamba dzuwa likulowa, ndipo dziperekeni kugwira Lamlungu ndi masiku a tchuthi omwe anzanu amafuna kupuma. Ena adzakukanani, ndipo zidzawawa. Koma bwana wanzeru amavutika kutaya munthu amene manambala ake sakayikitsa. Palinso ntchito za malipiro abwino m'makampani a mowa ndi a fodya. Aliyense asankhiretu lero chimene adzayankhe kalata yotero ikadzabwera, lendi ili pakhosi. Ndipo lidzafika tsiku lomwe wina wamkulu adzakupemphani kuti musinthe nambala imodzi yokha, kuti katundu atuluke kapena kuti nkhani isafike kwa atolankhani. Mphamvu yokana tsiku limenelo imasonkhanitsidwa panopa, pamene chomwe mungataye ndi malikisi ochepa chabe.

Pempho langa

Kwa anzanga amene mukulowa chaka chomaliza, kaya mukuphunzira za labotale ya chipatala, zaulimi kapena uphunzitsi wa sayansi: tchuthi chikubwerachi yendani kwanu ndi kope m'manja. Funsani agogo chimene chidasintha pa madzi a pachitsime. Funsani azaumoyo a m'mudzi chimene chimawasowetsa tulo. Mutu wa pulojekiti yanu muutenge kumeneko. Mukamaliza, kabwezeni yankho kwa eni ake m'Chichewa chomveka, pabwalo la mfumu kapena pa pologalamu ya zaumoyo kutchalitchi.

Kwa aphunzitsi athu: tipempheni makope athu a mu labotale, osati lipoti lomaliza lokha. Wophunzira amene wanena moona kuti njira yake idakanika, n'kufotokoza chifukwa chake, musamulange kuposa amene wabweretsa mizere yowongoka mokayikitsa. Malikisi akamapita kwa wopeka, ana amaphunzira kupeka.

Kwa akuluakulu a koleji: mutu umodzi susenza denga. Kambiranani ndi ma Water Board, malo ofufuzira zaulimi, mafakitale ndi mayunivesite anzathu kuti ophunzira azikaphunzira ntchito kumeneko ndi kubwereka makina omwe ife tilibe. Sungani malipoti athu pamalo pomwe a chaka chamawa angawapeze n'kupitiriza pomwe ife tasiyira. Ndipo pa sabata ya mapemphero kapena tsiku lokamba za ntchito, muziitanako mkulu wa mpingo amene wakhala zaka zambiri mu labotale ya boma kapena ya fakitale, adzatiuze momwe adasungira Sabata ndi momwe adakanira kusayina.

Tsiku lija tidatsika phiri dzuwa litapendeka, n'kutsekera Sabata m'mphepete mwa msewu. Kamtsikana kaja kadayenda pambali panga. Pofika kumunsi kadandikoka malaya n'kunena kuti, "Ankolo, inu mumaphunzira sayansi. Mukadzabwera tchuthi china mudzandiuze kuti amathira ochuluka bwanji." Ndidalonjeza. Nambala ya 0.2 ija ndidaipeza sabata yomweyo. Chimene chatsala n'chakuti akadzandifunsa ngati madzi a pampopi wa kwawo amafikadi pamenepo, ndidzathe kutenga kabotolo, tipite limodzi tikayeze.